Musamati anthu alibe chidwi ndi magemu, inuyo ndi amene simunawaitane

Loweruka lapitali pamalo ena oseweretsa magemu mtauni muno panali mpikisano wa FC, gemu ya mpira imene kale inkatchedwa FIFA. Makina awiri a PlayStation 4 (PS4), mipando yapulasitiki yobwereka 30, sipika ikuchita kugontha nayo m'kutu. Obwera kudzasewera anali asanu ndi awiri basi. Madzulo ake mkulu amene anakonza mpikisanowo walemba pa Facebook kuti achinyamata akuno alibe chidwi, amangodziwa kudandaula. Zimenezi zandikwiyitsa zedi. Posita ya mpikisanowo inatuluka Lachisanu cha m'ma 9 koloko usiku, pa status ya munthu mmodzi. Panali chithunzi cha Mbappé, malawi a moto kumbuyo kwake, ndi mawu akuti "mphoto zankhaninkhani". Nthawi yoyambira panalibe. Ndalama yolowera panalibe. Malo anangolemba dzina la shopu, ngati kuti mzinda wonse umaidziwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Achimwene, anthu simunawaitane. Munangowadzidzimutsa.

Osewera alipo, ndipo ndi ambiri. Lowani malo aliwonse oseweretsa magemu ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi Lamlungu masana, muone anyamata atapanikizana kudikira padi, chogwira m'manja poseweretsa gemu. Enanso ali ndi eFootball pafoni, gemu inanso ya mpira yaulere, imene kampani ya Konami inaisintha dzina kuchoka ku PES mu 2021. Anthu onsewa ndi oti akanalowa mpikisano wanu akanamva nthawi yabwino. Inde ndalama ikuvuta, magetsi akuvuta, koma Loweruka lija magetsi anayaka tsiku lonse.

Kugona pakati n'kuyambirira. Mpikisano umalengezedwa kutatsala masabata atatu, ndipo sulengezedwa kamodzi. Tsiku loyamba mutulutse posita. Kutatsala sabata imodzi mutulutse maina a amene alembetsa kale, chifukwa munthu akaona kuti mdani wake wa tsiku ndi tsiku walowa, sangakhale pansi. Kutatsala masiku awiri mutseke kalembera ndi kuchita maere poyera. Usiku woti mawa ndi tsikulo, munthu aliyense alandire uthenga wakewake wonena nthawi yake ndi amene akumane naye. Uthenga wa m'gulu la WhatsApp umakwiriridwa ndi ma sticker pasanathe ola.

Ndipo positayo izinena zinthu. Gemu yanji, ya chaka chiti? FIFA 23 ndi FC 24 sizisewereka mofanana, ndipo amene anazolowera ina afuna adziwe msanga kuti akayesere. Makina anji, PS4 kapena PS5? Funso limeneli ndi lalikulu kwa amene amabwera ndi padi yake, poti padi ya PS4 sigwira pa magemu a PS5. Chigawo chilichonse ndi mphindi zingati? Matimu ololedwa ndi ati, makalabu okha kapena ndi matimu a maiko omwe? Akalepherana, apita ku mapenate kapena ayambiranso? Ndalama yolowera ndi zingati, itumizidwe pa nambala iti ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo dzina limene lituluke potumizapo ndi la ndani? Malo mulembe ngati mukulondolera mlendo: atsikire siteji yakuti, akhote pa chigayo, geti yabuluu. Muikeponso location. Zonsezi zimakwana pa posita imodzi mukangochepetsa nkhope ya Mbappé ija.

Nkhani ya mphoto ndiye imandipsetsa mtima kwambiri. "Mphoto zankhaninkhani" ndi ndalama zingati? Lembani nambala. Ngati olowa ndi 32 ndipo aliyense akupereka K3,000, zonse ndi K96,000. Nenani poyera kuti yamalo ndi mafuta a jenereta mukuchotsa zakuti, zotsalazo woyamba atenga zakuti, wachiwiri zakuti. Ngati mphoto ikudalira kuchuluka kwa olowa, nenaninso zimenezo. Munthu sangawononge ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera, kuonjezapo yolowera, chifukwa cha mawu okoma opanda nambala.

Mumadalira Facebook ngati kuti osewera anu amakhala pamenepo. Ambiri a iwo bandulo yawo ndi ya WhatsApp yokha. Posita ikhale yopepuka, yotseguka msanga ngakhale netiweki ikuvuta, ndipo pansi pake mubwerezenso zonse m'mawu oti munthu angathe kukopera n'kutumizira mnzake. Kenako nyamukani pa mpando. Sindikizani mapepala 20 a A4, mukamate m'malo ena onse oseweretsa magemu a m'dera lanu, kometera tsitsi, potchajira mafoni. Mwini malo aliyense mum'patse mipata iwiri kuti atumize akatswiri ake. Mukatero mpikisano uja wasanduka wa dera ndi dera, ndipo katswiri mmodzi amabwera ndi anzake asanu odzam'chemerera. Amenewo ndiwo amadzaza mipando yanu 30 ija, ndiwonso amagula zakumwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati mukuchita manyazi kukagogoda kwa mnzanu wa bizinesi yofanana ndi yanu, musatinamize kuti anthu alibe chidwi.

Tsiku nalonso muzisankha ndi mutu. Amene amasewera FC ndi omwewo amene amaonera mpira weniweni. Mukaika mpikisano nthawi imene Bullets ikukumana ndi Wanderers, kapena Loweruka madzulo Premier League ili mkati, mwadzitchera nokha msampha. Pakati pa mwezi matumba ali mbee, nthawi ya mayeso a MSCE makolo atseka zitseko. Kalendala ndi yaulere, muziyang'ana.

Wina anena kuti kuno n'kosauka, zamipikisano ya magemu n'za ku Ulaya. Arslan Ash anakulira m'malo oseweretsa magemu a ku Lahore, ku Pakistan, dziko limene ochepa ankalitchula pa nkhani ya Tekken, gemu yomenyana. Mu 2019 anapambana EVO Japan ndi EVO ya ku Las Vegas, mipikisano ikuluikulu ya magemu omenyana, chaka chimodzi. Luso lake linakulira pokumana ndi anzake maso ndi maso, mobwerezabwereza, m'timalo ting'onoting'ono. Ife mpikisano umachitika kamodzi, kenako zii miyezi isanu ndi umodzi, n'kudzatulukira ndi posita ya usiku. Ikani tsiku lodziwika, kaya Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, anthu azolowere mpaka asamafunsenso. Ukatha mpikisano, usiku womwewo tulutsani zotsatira, chithunzi cha wopambana atanyamula ndalama zake, ndi kavidiyo ka masekondi 30 ka chigoli chimene chinaimiritsa anthu. Pansi pake mulembe tsiku la mpikisano wotsatira.

Ndipo poti tayamba kale, tinene za nthawi. Mumati tiyamba 10 koloko, 1 koloko ikukwana gemu ikadali pa update chifukwa palibe amene anayatsa makina dzulo lake. Padi imodzi ndodo yake ikuyenda yokha, ina batire latha, chingwe chotchajira chili kunyumba. TV simunaiike pa game mode, ndiye munthu akudina batani wosewera wake n'kumayankha mochedwa. Masamu ake ndi osavuta: anthu 32 pa chipulula ndi masewero 31. Masewero amodzi a mphindi 6 chigawo chilichonse, kuphatikiza kusankha timu ndi kukonza mabatani, amadya pafupifupi mphindi 20. Pa makina amodzi ndi maola oposa 10. Pa makina awiri ndi maola asanu ndi mphindi 20. Pa makina anayi, maola atatu mwatha. Inu mumayamba masana ndi makina awiri, fainolo n'kuseweredwa usiku, oonerera onse atathamangira minibasi yomaliza, wopambana n'kuuzidwa kuti ndalama yake aitumizirabe Lolemba. Lolemba lake liti?