Inu ogwetsa mitengo m'mbali mwa Shire, mdima wa 2022 mwauiwala kale?

Sabata yathayi ndinapita ku maliro kumudzi wina kumtunda kwa Kapichira, ndipo zimene ndinaona m'njira zandisowetsa tulo. Bambo wamkulu ndithu, wa imvi ngati ine, akulima dimba mpaka pagombe penipeni, khasu likagwa dothi n'kumagumukira m'madzi iye akuona. Chapafupi pomwepo ng'anjo ya makala ikufuka, zitsa za mitengo yaiwisi zikuchucha utomoni, nthambi azikankhira mumtsinje kuti madzi atenge. Madzulo ake pa siwa, anthu omwewo ndi amene amadandaula kwambiri kuti chigayo sichinagwire ntchito chifukwa magetsi anathima. Abale anga, kodi mitu ikugwira?

Mukuganiza kuti dothi limenelo likupita kuti? Nthambizo zikakocheza kuti? Si pa damu la Kapichira pomwepa? Magetsi a dziko lino ambiri amachokera mu Shire, kuyambira ku Nkula kumene makina oyamba anayamba kuzungulira mu 1966, kutsikira ku Tedzani, kudzafika kwathu kuno ku Chikwawa. Makina aja amafuna madzi ochuluka otsika mwamphamvu. Inu mukuwatumizira mchenga. Mchenga ukadzaza damu madzi osungidwa amachepa, ukalowa m'makina umapala zitsulo. Zinyalala zikatseka polowera madzi, ogwira ntchito amazimitsa makina kuti azichotse, ife uku tili mu mdima. Namasupuni yekha akuvuta kale, ndiye inu muwonjezerepo zigubu, mapepala apulasitiki, matewera a ana ndi mapesi?

Mwaiwala Januwale wa 2022? Namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, ndipo siteshoniyo inakhala chaka chathunthu ndi miyezi isanayambirenso. Amene munali ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula, simukukumbukira? Owotcherera zitsulo anangokhala pakhonde manja ali m'thumba. Amayi a mafiriji anataya nsomba ndi mafirizesi m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, kuja kumene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Azimayi ankasenza matumba a chimanga kusaka chigayo cha dizilo, mtengo wake wokwera. Ana a sukulu ankawerengera tochi ya foni. M'zipatala anamwino ankadalira jenereta, mafuta akatha basi. Mu Malichi 2023 Freddy anabweranso, makina a ku Nkula ndi Tedzani anawazimitsa chifukwa cha madzi osefukira ndi zinyalala. Zonsezi munaziona ndi maso anu.

Musandiuze kuti namondwe ndi wa Mulungu. Inde mvula sitiipanga ife, koma amene anameta mapiri ndani? Madzi otsika paphiri la mitengo ndi otsika paphiri lambee mphamvu yake ndi yosiyana, ndipo mwana aliyense wa m'chigwa muno akudziwa zimenezi. Taonani mtsinje wa Mwanza mmene wadzazira mchenga. Mvula ikangogwa kumtunda, madzi alibe podutsa, akulowa m'nyumba za anthu. A ku Makhanga akhala akuthawa madzi kangati? Dothi lomwe likutizimitsira magetsi ndi lomwenso likutithamangitsira ku misasa.

Ndikudziwa, mudzati umphawi. Umphawi tonse tikuudziwa, palibe amene akudya zonona kuno. Koma thumba la makala mudya masiku angati? Nanga ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene boma likukumba m'chigwa muno, madzi ake akuyambira pa Kapichira pomwepo, mukufuna idzatibweretsere matope? Ana anu adzathirira ndi chiyani?

Nanu mafumu, anyakwawa, ndi ulemu wonse ndikufunseni: utsi wa ng'anjo umaoneka patali, inu simukuuona? Mukagawa malo a dimba mpaka m'madzi, bango ndi nsungwi zonse zitatha, mumati gombe ligwidwe ndi chiyani? Ena mwa inu mumalandira kathumba ka makala usiku n'kutseka pakamwa. Manyazi mulibe?

Ndiye pali anyamata ena, odula zitsulo za mapolo a magetsi ndi kukhuthula mafuta mu thiransifoma. Tsiku lina tidzakutolani mutapsa, amayi anu n'kumalira pabwalo, mudzi wonse uli mu mdima chifukwa cha inu.

Chotsani makasu m'mbali mwa mtsinje. Zimitsani ng'anjozo. Mukapitiriza, magetsi akathima musatsegule pakamwa pamaso panga.