Kukonza kernel kokha sikukwanira, malaiti akathima pakati

Alembi, m'nkhani yanu mwanena kuti aliyense angotsitsa kernel (mtima wa pulogalamu) yatsopano ya FreeRTOS, pulogalamu yoyendetsa tizipangizo tating'ono ta magetsi, n'kuika basi. Pepani, pamenepo mwathamanga. Zoona, amene akadali pa mtundu wakale kuposa 10.4.3 asachedwe: zibowo za chitetezo za mu 2021 m'mafayilo a queue.c ndi stream_buffer.c zinkachititsa kuti chiwerengero cha kukula kwa memory chisefukire, chipangizo n'kupatula malo ochepa kenako n'kulemba kupyola malire.

Koma ambiri kuno ku Lusaka timagwiritsa ntchito ESP32, kachipangizo ka kampani ya Espressif, monga m'mabokosi oyendetsa mapampu a zitsime ku Chalala. FreeRTOS ya m'menemo inasinthidwa ndi Espressif kuti iyende pa ma core (mitu ya purosesa) awiri, ndiye simungangoponyamo mafayilo ochokera kwina. Mukweze ESP-IDF yonse, phukusi la mapulogalamu a Espressif momwe muli FreeRTOS yawoyo.

Chachikulu chimene nkhaniyi yasiya ndi malaiti. Akathima firmware (pulogalamu ya m'bolodi) ikulembedwa mu flash (memory yoisungira), ndipo muli ndi gawo limodzi lokha, bolodi silidzukanso mpaka munthu apiteko ndi chingwe. Gawani flash pawiri, ota_0 ndi ota_1, muyatse rollback (kubwerera ku firmware yakale) mu bootloader, kapulogalamu kodzutsa bolodi. Firmware yatsopano isadzivomereze ikangodzuka. Iyambe yalumikiza intaneti ndi kuwerenga masensa, ikalephera ibwerere ku yakale. Brownout detector, imene imayambitsanso bolodi mphamvu ya magetsi ikatsika, musaizimitse, ngakhale ikuvutitseni pa inveta yofooka, konzani magetsiwo.

Anzanga, mukakweza yesaninso stack (memory yogwirira ntchito) ya task iliyonse ndi uxTaskGetStackHighWaterMark, yoonetsa malo ochepetsetsa amene anatsalapo, chifukwa laibulale yatsopano ya TLS (yoteteza uthenga pa intaneti) ikhoza kudya yochuluka. Bolodi liyende masiku angapo pa benchi musanatumize kwa makasitomala.