Akuti maluwa sadyedwa, ine ndikuti ubwino wake ndi womwewo

Abale anga, 14 February, tsiku la Valentine, ikangoyandikira nkhani pa Facebook imakhala yomweyomweyi, akuti maluwa ndi zachizungu, akuti marozi sadyedwa bola mungonditumizira pa Mpamba. Ndikumva ndithu, February kwathu kuno ndi mwezi wowawa, chimanga chisanache kumunda, ufa wakwera, fizi ya ana mwina sunamalize. Koma ine ndiikirabe kumbuyo duwa.

Taganizani, bambo wapatsa mkazi wake ndalama kuti amayi gulani chomwe mtima wanu ukufuna. Ndalama ija ithera kuti? Makala, mayunitsi a magetsi, sopo, nsapato ya mwana yomwe yang'ambika, chifukwa mzimayi wakwathu kuno sangadzigulire mafuta onunkhira mnyumba mulibe ndiwo, nde mphatso ija yangosanduka bajeti ya pakhomo basi iye mwini sanalawepo olo pang'ono. Chitenje nacho mawa aberekera mwana, mkuja chili pa tebulo. Duwa la rozi ndi lokhalo lomwe nyumba singamulande. Silingaphikidwe, silingabwerekedwe ndi apongozi, ntchito yake ndi imodzi, kumuuza munthu kuti lero ndimaganiza za iweyo, osati za khomo lino, iweyo.

Komanso zoti nzachizunguzi ine zimandidabwitsa. Marozi ambiri omwe azungu amapatsana ku Ulaya amalimidwa ku Africa konkuno, ku Kenya mmbali mwa nyanja ya Naivasha, ku Ethiopia, olo anzathu a ku Zambia amalima nkumatumiza kunja. Amadulidwa ndi manja a amayi ngati athu omwewa, kuikidwa mozizira, ndege nkuwanyamula kupita ku msika waukulu wa maluwa ku Aalsmeer, Netherlands. Ndiye dothi lathu, thukuta lathu, koma kununkhiza akanunkhize ena? Ifenso maluwa timawadziwa bwino lomwe, pamaliro nkhata zimachita kusanjikizana pamanda, palibe amati nzachizungu pamenepo. Zimandiwawa kuti amayi ambiri duwa lawo loyamba ndi limenelo.

Sindikunena za bouquet ya ndalama zambiri yojambulitsa ayi. Limodzi lokha lakwana. Lofiira ndiye la chikondi, loyera limayenda ndi ukwati, lachikasu ambiri amati ndi la chinzake chabe nde achimwene samalani posankha. Koma likhale lenileni chonde, osati apulasitiki aja ongodzadza fumbi pa kabati. Lenileni limanunkha, limabaya, ukaligwira mosasamala munga umakulasa pa chala, mmawa umapeza latambasuka kuposa dzulo. Ndipo mwamuna amene wakwera nalo minibasi, kondakitala akumuseka, anthu akumuyang'ana, iye ataliteteza pa chifuwa kuti lisaphwanyike mpaka kukafika nalo pakhomo, ameneyo wanena zambiri asanatsegule nkomwe pakamwa.

Chimodzi chokha ndikane. Duwa sililowa mmalo mwa ndalama ya ndiwo, komanso si chophimbira kuti unagona kunja. Ukabwera nalo pa zifukwa zimenezo waliyipitsira mbiri, mkazi azingoti akaona maluwa mtima phaa kuti kaya walakwanso chani.

Kwa inu achemwali mukalandira, musangolisiya mu pepala lake lija. Dulani phesi pang'ono kunsi mopendeketsa, chotsani masamba onse omwe angamire mmadzi chifukwa ndi amene amawolesa, ikani mu botolo loyera pamthunzi, madzi muzisintha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, likhoza kukhala sabata yathunthu. Ndipo amene muli malo ozizira ngati Zomba kaya Dedza, marozi amamera ndi nthambi yodula chabe, pemphani kwa aneba mubzale kuseri kwa nyumba nyengo ya mvula ino, chaka chamawa bambo azingothyola pakhomo pompo.