Pemphero Lopempherera Mitu Yathu, Ife Oyenda pa Msewu wa M1

Atate wathu wakumwamba, Namalenga, tabwera pamaso panu ndi mitu yathuyi, imene timasenzera nkhuni ndi madzi osaganizako n'komwe chimene munaikamo.

Munaikamo ubongo, wosakwana ndi makilogalamu 2 omwe, wofewa ngati peyala lakupsa. Koma ndi womwewo timazindikirira mawu a mayi athu ndi kuwerengera ndalama pamsika wa Lizulu. Kunkhongo munaika kachigawo kotiyendetsa osadzandira, ndi tsinde lolumikizana ndi msana, limene limasamala kupuma ndi kugunda kwa mtima ife tili mtulo. Zikomo, Ambuye.

Simunausiye pamtetete. Munaumangira chigaza cha mafupa 8, mkati mwake n'kuyalamo nembanemba zitatu: yakunja yolimba, yapakati yopyapyala, ndi yamkati yomatirira pa ubongo penipenipo. Pakati pa ziwiri zamkatizo pamayenda timadzi toyera, moti ubongo umachita kuyandama, osagunda fupa tikamadumpha kapena kuthamanga.

Komatu Atate, chigaza cha munthu wamkulu sichitamuka. Mtsempha ukaphulika mkatimo, magazi amasowa kolowera, n'kuyamba kupanikiza ubongo. N'chifukwa chake tikupereka m'manja mwanu anyamata a kabaza wa njinga zamoto, kuyambira pa Ntcheu boma, Tsangano, Bembeke mpaka ku Dedza, pamodzi ndi onse amene amawakweza, makamaka m'mawa wa chifunga. Apatseni mtima wovala helemeti ndi kumanga lamba wake, osangoikoloweka pachiwongolero podikira kuona apolisi. Inu mukudziwa kuti ambirife timatero.

Wina akagwa n'kudzuka, akuseka kuti palibe kanthu, tsegulani maso a abale ake. Akayamba kusanza, kuwodzera kosadzutsika, kulankhula zosokonekera kapena kufooka mbali imodzi, asadikire kuti kuche. Apezereni galimoto, Ambuye, ndipo alimbikitseni madokotala ndi anamwino, kuchipatala cha boma lathu ngakhalenso ku Kamuzu Central kumene ena amatumizidwa.

Kumbukiraninso makanda amene liwombo lawo silinatsekeke. Atetezeni ku matenda oumitsa khosi, otupitsa nembanemba zija. Mayi akaona liwombo latukuka, thupi likutentha, mwana akukana bere, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Amene agona m'chipatala usiku uno osazindikira kanthu, agwireni ndi dzanja lanu, ndipo owadikirira apatseni mphamvu.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Ameni.