Mwana wobwera kutchuthi musamusandutse mlendo

Achemwali anga aakulu a ku Lilongwe ananditumizira mwana wawo wamkazi, wa zaka 9, kuti adzathere tchuthi cha mu Ogasiti kuno ku Mulanje. Pondiimbira anati, "Iwe, ndakutumizira kandalama ka bandulo. Mwanayo asasowe zoonera pafoni, angasungulumwe." Ndalamayo ndinalandira, koma mtima unandiwawa. Mwana wayenda tsiku lonse pabasi, wafika patsinde pa phiri limene anthu amakwerera ndege kudzaliona, ndiye ine ndimukhazike pampando ndi foni m'manja?

Maganizo anga ndi akuti ana a m'tauni timawalakwira akabwera kumudzi. Timawasunga ngati dzira: asagwire mphika, asapite kudimba, asadye zakuno angatsegule m'mimba. Anzawo amangowasuzumira pakhomo. Tsiku lobwerera limakwana mwana asanaone chilichonse. Chonsecho kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mudzi uno ndi wa mayi ake, ndiye kuti ndi wake. Anafika akunditchula kuti anti, ndipo tsiku lomwelo ndinamuuza kuti, "Kuno ine ndine mayi ako aang'ono." Anaseka, koma anazigwira.

Tinayambira pa kalongonda. Amene si Alhomwe sadziwa kuti nyemba imeneyi siphikidwa mwachangu. Imawira tsiku lonse, madzi ake n'kumataya, kuthira ena, kutayanso, chifukwa ukaidya isanapse bwino imakuzunguza mutu. Ndinamupatsa ntchito yosonkhezera moto. Utsi unamuliza, anafunsa kakhumi konse ngati zapsa, ndipo agogo ake ankangomuyankha kuti, "Dikira, mwanawe." Madzulo atalawa anakwinya nkhope, kenako anatambasulanso dzanja. Mawa lake tinakathyola nandolo kumunda n'kumuphika ndi makoko ake omwe. Uyo ndiye anamukonda kuposa tchipisi.

Za masanje sindinaphunzitse ndine. Ndinangopereka ufa pang'ono, mchere ndi tomato awiri, ana a pamudzi n'kumutenga kuseri kwa nyumba. Nsima imene anandibweretsera inali yambulumbulu, yosapsa pakati. Ndinadya ntongo ziwiri pamaso pake, chifukwa nsima yoyamba ya mwana siikanidwa. Phada ndi fulaye anaphunzira komweko, mawondo n'kusupuka, ndipo sanafunse foni mpaka kunada.

Loweruka ndi limene ndinasungira phiri. Tinakwera galimoto pa Chitakale mpaka ku Likhubula, n'kupeza wotiperekeza. Apa ndiye ndikupempheni: musalowe m'phiri ili ndi mwana popanda munthu wodziwa njira, ngakhale mutabadwira konkuno. Nkhungu ya chiperoni imatsika mosachenjeza. Ulendo wopita ku Dziwe la Nkhalamba akuluakulu amauyenda ngati ola limodzi, ife tinatenga awiri, chifukwa mwanayu ankaima pa gulugufe aliyense. Titafika anangoti kakasi. Madzi akugwa kuchokera pathanthwe, phokoso lake lokhalokha, dziwe lili bii. Anaviika phazi n'kukuwa ndi kuzizira. Anafuna kulowa, ndinakana. Dziwe lija ndi lakuya ndipo miyala yake ndi yoterera. Anasewera m'mphepete ine nditamugwira dzanja, ndipo sindinachite manyazi kuoneka wamantha.

Pobwerera anaona mikwingwirima yoyera m'mbali mwa phiri, nafunsa kuti anakanda ndani. Ndinakhala kaye chete. Kenako ndinamuuza zoona, kuti mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nthaka ndi miyala, madzi n'kukokolola midzi kuno ndi ku Phalombe, ndipo akuluakulu zoterezi amati wadutsa Napolo. Ena mudzati mwana wa zaka 9 sauzidwa zimenezi. Ine ndikuti anzake amene ankasewera nawo masanje anaziona ndi maso awo, ndiye iye abisidwe chifukwa chiyani?

Ndinamuuzanso kuti nsonga yayitali ya phirili ndi Sapitwa, mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe ina yoiposa. Dzinalo analimva yekha tanthauzo lake, maso n'kutuzuka. Nkhani ya mizimu ya m'phiri, yoti ukapeza chakudya chophikaphika udye wekha osaitana mnzako, anaimva usiku kwa agogo ake, pambuyo pa "Padangokhala" ndi "Tili tonse". Mu 2025 UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika phirili m'gulu la malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe chomwechi chimene ife timachita nacho manyazi kuuza ana athu.

Pa Likhubula anakakamira kabokosi kosema ka mkungudza. Anakanunkhiza, fungo lake lija losaiwalika. Sindinamugulire. Mtengo umenewu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha, ndipo macheka atsala pang'ono kuumaliza. Anakwiya nane mpaka pa Chitakale, kumene nthochi zinatiyanjanitsa.

M'minda ya tiyi tinangodutsa tsiku lina m'mawa. Nyengo ino masamba ndi ochepa, ambiri amathyoledwa nthawi ya mvula, komabe tinapeza amayi angapo madengu ali kumsana. Mmodzi anamuonetsa kathyoledwe kake, masamba awiri ndi kansonga. Mwanayu anayesa kunyamula dengu, linamukanika. Kuyambira tsikulo tiyi wa m'kapu sakumusiyanso theka.

Bandulo ija inagwira ntchito imodzi yokha, kuimbira mayi ake madzulo. Tsiku lina ndinamumva akunena kuti, "Amayi, bwanji simunandiuze kuti kwathu kuli dziwe?" Achemwali anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anapempha kuti ndiwatumizire kalongonda.

Wabwerera dzulo, thumba la nandolo lili pamiyendo. Akuti mu Disembala abweranso kudzadya mango ndi nanazi. Ndamuuziratu kuti nthawi ya mvula ku Dziwe la Nkhalamba sitidzapitako, mtsinje umakhala wolusa. Wati palibe kanthu, bola agogo adzamalize nthano ya Napolo imene anagonera pakati.