Kastika ka i7 ndi khofi wa 3 in 1: pomwe ndalama zathu zimatayikira

Ine ndimaona kuti ambiri ogula laputopu yakale amapusitsidwa ndi kastika kamene kamamatidwa pafupi ndi kiyibodi. Wogulitsa akangoti "iyi ndi Core i7, bwana", mtima umakhala m'malo, ndalama n'kutuluka. Koma i7 payokha siuza munthu chilichonse. Funsani nambala yonse ya purosesa, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta. Pa i7-7500U, 7 wotsogola manambala anayiwo akusonyeza m'badwo, ndipo purosesa imeneyi ili ndi ma core (tizigawo togwira ntchito m'kati mwake) awiri okha. Pamene i5-8250U, ya m'badwo wa 8, ili ndi ma core anayi, moti imaiposa i7 ija mukatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi. Chonsecho ambiri amainyoza chifukwa dzina lake ndi i5.

M'badwo wa 8 uli ndi phindu linanso. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso, pa ma Intel ambiri, purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Ogulitsa ena amaikakamiza Windows 11 pa makina akale, ndiye musakhutire poti mwaiona pa sikirini. Makina a m'maofesi monga ThinkPad T480, Dell Latitude 5490 ndi HP EliteBook 840 G5 ndi a m'badwo woyenerawu nthawi zambiri, ndipo amatsegulika ndi sikuludiraiva wamba. Komabe onani nambala, poti ena a mayina omwewa anatuluka ndi purosesa ya m'badwo wa 7.

Chimene chimachedwetsa kompyuta zambiri si purosesa ayi, ndi hard disk yozungulira ija, mosungira mafailo. Imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi, pamene SSD (chosungira mafailo chosazungulira) ya mtundu wa SATA imafika cha m'ma 500. Pakati pa hard disk ya 1 TB ndi SSD ya 256 GB, tengani SSD. Mafilimu mudzasunga kwina. RAM, memori imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka, isachepere 8 GB, ndipo funsani ngati ili yochotseka kapena yowotchereredwa pa bolodi, chifukwa yowotcherera simungaiwonjezere. Tilaputopu tatsopano tonyezimira ta Celeron, ta RAM ya 4 GB ndi kosungira mafailo ka eMMC ka 64 GB, tisiyeni m'shopu momwemo. Ma update a Windows okha amadzaza malo osungirawo.

Musanapereke ndalama, pemphani mphindi 20, ndipo wogulitsa akakana, nyamukani. Zulani chaja kaye. Tsegulani Command Prompt (pulogalamu ya mu Windows yolemberamo malamulo), lembani powercfg /batteryreport, kenako tsegulani failo imene yatuluka. Yerekezani Design Capacity (mphamvu ya batire lili latsopano) ndi Full Charge Capacity (imene likusunga panopa). Ngati yachiwiriyo yatsika kufika theka la yoyamba, batire latha, ndipo mtengo wa lina uchotsedwe pa mtengo wa laputopu. Kwathu kuno, magetsi akathima batire ndiye ntchito yanu. Yatsaninso makinawo n'kulowa mu BIOS, tsamba la masetingi la makinawo, podina batani akangoyaka: F1 pa ThinkPad, F2 pa Dell, F10 pa HP. Ikafunsa pasiwedi imene wogulitsa sakuidziwa, musagule zivute zitani. Dinani batani lililonse mu Notepad, lowetsani fulashi m'mabowo onse a USB, tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo mukumvetsera ngati mahinji akulira. Ikani tsamba loyera pa sikirini kuti mawanga aoneke. Chaja ikhale yakeyake, osati yopepuka ngati mulibe kanthu m'kati. Zoterozo zimatentha ndipo zimatha kuwononga bolodi.

Za khofi nazo n'chimodzimodzi, kungoti ndalama zake zimatuluka pang'onopang'ono mpaka osazindikira. Tembenuzani kapaketi ka 3 in 1 muwerenge zosakaniza. Zimalembedwa kuyambira chochuluka, ndipo pa timapaketi tambiri shuga ndi kirimu ndizo zimatsogola, khofi ali m'mbuyo. Wa m'zitini wina amasakanizidwa ndi chicory, muzu wokazinga umene si khofi. Mukugula shuga pa mtengo wa khofi, m'dziko lolima Arabica ku mapiri a Misuku, ku Phoka, ku Viphya ndi ku Thyolo. Zimandidabwitsa kuti khofi wa ku Mzuzu timamuona ngati wa alendo.

Masamu ake ndi awa. Kapu ya 250 ml imafuna magalamu 15, omwe ndi masupuni aakulu pafupifupi atatu osasefukira. Paketi ya 250 g ikupatsani makapu 16. Gawani mtengo wa paketiyo ndi 16, ndiye muyerekeze ndi kapaketi kamodzi kaja kapena kapu ya ku lesitilanti.

Makina odula safunika. Wiritsani madzi, muphule, mudikire ngati theka la miniti, muthire pa khofi mu jagi, muvundule kamodzi, muvundikire mphindi 4, kenako musefe ndi sefa ya tiyi. Akawawa mokanda kukhosi, ndiye kuti ndi wogayidwa mosalala kwambiri kapena wakhalitsa m'madzi. Akamveka wowawasa ndi wamadzimadzi, ndi wokhakhala kwambiri kapena madzi anazirala. Osamuwiritsa pamoto monga timachitira ndi masamba a tiyi. Ngati ndalama ilipo, gulani kachigayo kapamanja ndi khofi wosagaya, poti wogaya kale amataya fungo msanga paketi ikatsegulidwa. Sungani m'botolo lotsekeka bwino, kutali ndi dzuwa, osati mufiriji, chifukwa amakoka chinyezi ndi fungo la ndiwo. Ndipo kapuyo isakhale mbali imene kuli laputopu: khofi akatayikira pa kiyibodi, zimitsani nthawi yomweyo, zulani chaja, muitembenuze chafufumimba, osayesa kuyatsa mpaka katswiri ataitsegula n'kuyeretsa.