Mwamuna kuphunzira kutendera nkhwani si manyazi

Zandinyansa kwambiri zimene achita alamu anga Loweruka. Andipeza kukhitchini ndi amayi, ndakhala pansi ndikusenda nkhwani, iwo n'kuyamba kuseka mpaka kugwira chitseko. Ati, "Alamu, mwafika potere? Mukwatire basi, izi si za amuna." Kunena pamaso pa amayi anga, amene anali mkati mondiphunzitsa!

Ndiye ndinene pano kuti aliyense amve. Mwamuna kuphunzira kuphika kwa mayi ake si manyazi. Manyazi ndi kukula mpaka ndevu kumera osadziwa mmene ndiwo zimene zinakulera zimaphikidwira.

Nkhwani wotendera wa amayi ndi amene tinakulira tonse m'nyumba mwathu. Ndipo musaganize kuti ndi nkhani yongoponya masamba mumphika. Asankhe masamba anthete, asende ulusi wonse, madzi akhale ochepa. Chidulo amachita kudontheza okha kuchokera ku phulusa la zitsononkho, ndipo chikangochuluka pang'ono masamba amasanduka phala. Nsinjiro ndi za mtedza wa chalimbana wosinja mumtondo n'kusefa. Amazithira pamwamba pa masamba ndi matimati, kuvundikira, osatakasa msanga. Ine nditatenga mthiko anandigwira dzanja: "Dikira kaye mwanawe, nsinjiro zosapsa zimapweteka m'mimba." Muyezo wake palibe pamene unalembedwa. Uli m'manja mwawo ndi m'mphuno mwawo. Tsiku limene Mulungu adzawatenge, zonsezi zidzapita nawo ngati ife ana sitikhala pansi lero n'kuphunzira.

Ndiye wina aziti si za amuna? Podya ndiye ndi za amuna? Alamu omwewo tsiku lomwelo anadya mitanda itatu ya nsima ya mgaiwa ndi nkhwani yemweyo, mpaka kupempha zotsala mumphika.

Amene amakazinga tchipisi pachiwaya m'misika yonseyi ndi ndani? Amuna. Ophika ambiri m'mahotela ndi amuna. Anyamata athu ali ku Joni amadziphikira okha nsima akaweruka kuntchito. Pamenepo palibe woseka chifukwa pali ndalama kapena palibe wowaphikira. Koma mwana wamwamuna akangogwira mthiko pafupi ndi mayi ake omubereka, basi wapepera, wadyetsedwa mankhwala. Tinaleredwa choncho, inde, koma n'zopusa.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Inu alamu pitirizani manyazi anuwo. Mkazi wanu akadzagonekedwa kuchipatala sabata imodzi mudzadyetsa ana tiyi ndi mabanzi, m'mawa ndi madzulo omwe. Ine ndiphunzira, ndipo ndikamaliza nkhwani ndiyamba futali, kenako chigwada ndi therere. Amayi akadali ndi mphamvu, ndikhala nawo pamoto pomwepo, wina aseke asaseke. Ndipo munawaona mmene nkhope yawo inagwera mutaseka? Munthu wamkulu anali wosangalala kuti mwana wake wafunsa, inu n'kumuchititsa manyazi m'nyumba mwake.

Komanso inu ogulitsa nsinjiro za m'timapepala pamsika, lekani kusakaniza ndi ufa. Tikuzindikira. Munthu ugule ndi ndalama zako zovutikira, ukathire mundiwo, zingochita phalaphala osamveka n'komwe fungo la mtedza. Ndi kuba kumeneko.